Ndani wadyeredwa masuku pamutu? Mmene mungayezere kusinthana osewera mu NBA

Lamulungu pa 2 Febuluwale 2025, cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndili mkati mosita malaya a kutchalitchi, foni inayamba kulira osalekeza. Anali alamu anga a ku Chilomoni, munthu woti Lakers, timu yake ya mu NBA, ligi ya basketball ya ku America, ikagonja nsima saikhudza. "Alamu, mwamva? Luka ndi wathu!" Ndinawayankha kuti ngati ayamba kumwa m'mamawa wa Lamulungu ndikawanenera kwa achemwali anga. Ngakhale ku America komweko ambiri ankayesa kuti akaunti ya mtolankhani Shams Charania, yemwe anaulula nkhaniyi, yalowedwa ndi akuba. Koma zinali zoona. Dallas Mavericks inali itapereka Luka Dončić, mnyamata wa zaka 25 amene anali ataifikitsa mu fainolo ya 2024, ku Los Angeles Lakers, n'kulandira Anthony Davis.

Sabata yonseyo, pa benchi ya wometa wanga ku Ginnery Corner ngakhalenso pabwalo la Blantyre Youth Centre anyamata akamapuma, mawu anali amodzi: Dallas yaberedwa dzuwa likuswa mtengo. Inenso ndikutero. Koma ukamufunsa munthu kuti wayeza bwanji, yankho limangothera pa "Luka ndi dolo." Udolo wa munthu mmodzi si sikelo. Pali matimu amene anatenga dolo n'kulira zaka zisanu, ndipo pali ena amene anapereka dolo n'kukolola chikho. Ndiye nayi njira imene ine ndimatsata ndisanatsegule pakamwa.

Poyamba timvane chinthu chimodzi. Kuno Bullets kapena Wanderers ikafuna wosewera wa timu ina, imakambirana mtengo n'kutulutsa ndalama. Ku NBA sizitero. Timu imapereka munthu pamodzi ndi kontirakiti yake, n'kulandira wina ndi kontirakiti yakenso, ndipo kwa matimu ambiri malipiro a mbali ziwirizi amayenera kuyandikana chifukwa ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera. Mwini wakeyo kawirikawiri safunsidwa n'komwe. Luka anamva nkhani ya kusamuka kwake zonse zitatha kale.

Choyamba: lembani katundu yense papepala

Tengani pepala, jambulani mzere pakati. Kumanzere lembani zimene timu yatulutsa, kumanja zimene yalandira, osasiya ngakhale dzina limene simunalimvepo. Mitu ya nkhani imangotchula mayina awiri akuluakulu, pomwe nthuli yonona nthawi zina imakhala yabisala pansi pa mbale.

Mu Julayi 2019 aliyense ankakamba zoti LA Clippers yatenga Paul George, amene chaka chimenecho anali wachitatu pa mavoti a MVP, wosewera wopambana onse mu ligi pa sizoni. M'munsi mwa nkhaniyo munali kamnyamata kowonda kotchedwa Shai Gilgeous-Alexander, katangosewera sizoni imodzi yokha, kakupita ku Oklahoma City pamodzi ndi Danilo Gallinari, ma pick asanu (malo osankhira osewera atsopano) a ndime yoyamba ya draft, mwambo wa chaka ndi chaka wosankha osewerawo, ndi ufulu wosinthana malo kawiri. Ambirife dzina lakelo lilime linkakana. Mu 2025 ndi iyeyo anakhala MVP, n'kuipatsa Oklahoma City chikho itagonjetsa Indiana masewero 4 kwa 3, ndipo womuthandiza wake wamkulu, Jalen Williams, anatuluka pa imodzi mwa ma pick aja. George anali atachoka kale ku Clippers mu 2024, chimanjamanja.

Koma pepalalo likhale lachilungamo. Kawhi Leonard anavomera kusayina ku Clippers usiku womwe George ankabwerawo, ndipo n'zodziwika kuti zinthu ziwirizi zinali zomangirirana. Choncho kumanja kwa Clippers lembaniko mayina awiri, osati limodzi. Trade ija, kusinthana osewera kumeneku, ikadali yowawa, koma si misala imene anthu amaiyesa lero.

Chachiwiri: timuyo inkafuna chiyani?

Apa ndi pamene mikangano yambiri ya pa benchi imasokonekera, chifukwa timayeza matimu onse 30 ndi ndodo imodzi ngati kuti njala yawo ndi yofanana. Ina ikusaka chikho chaka chomwechi. Ina yagwetsa nyumba, ikuumba njerwa zatsopano. Ina ikungothawa bilu.

Taonani Toronto Raptors. Mu 2016, 2017 ndi 2018 inkatulutsidwa mu playoffs, mpikisano wochotsana wa kumapeto kwa sizoni, ndi Cleveland ya LeBron James, ndipo maulendo awiri omalizawo sinapambane ngakhale sewero limodzi, chikhalirecho mu 2018 inali itapambana masewero 59 pa 82. Mkulu wa timuyo, Masai Ujiri, amene anakulira ku Nigeria, anaona kuti gulu lija lafika pomwe lingathe. Mu Julayi 2018 anapereka DeMar DeRozan, munthu wokondedwa amene anatumikira timuyo zaka 9, pamodzi ndi Jakob Poeltl ndi pick imodzi, n'kutenga Kawhi Leonard ndi Danny Green kuchokera ku San Antonio. Kawhi anali atasewera masewero 9 okha sizoni yapitayo chifukwa chovulala, ndipo kontirakiti yake inkamulola kuchoka pakatha chaka chimodzi. Kunali kuchita lendi, osati kugula nyumba. Anachokadi chaka chitatha. Koma pochoka anasiya chikho cha 2019, choyamba m'mbiri ya timuyo, atachitenga limodzi ndi Pascal Siakam wa ku Cameroon ndi Serge Ibaka wobadwira ku Brazzaville.

Wina akamati Toronto inaluza chifukwa Kawhi sanakhalitse, ndiye kuti sanamve chimene Toronto inapita kukagula. Inkafuna chaka chimodzi chokhala ndi mwayi weniweni, pa nthawi yoti LeBron anali atangosamukira ku Lakers ndipo njira ya m'chigawo cha kum'mawa, momwe muli Toronto ndi Cleveland, inali itatseguka. Inachipeza. Choncho pamwamba pa pepala lanu lembani chiganizo chimodzi chonena cholinga cha timu iliyonse. Mukaona kuti chiganizocho chikukukanikani kulemba, chimenecho ndi chizindikiro kale.

Chachitatu: zaka, thupi ndi kontirakiti

Pafupi ndi dzina lililonse lembani manambala atatu: zaka zakubadwa, masewero amene wasewera pa 82 m'masizoni atatu apitawa, ndi zaka zotsala pa kontirakiti pamodzi ndi malipiro ake. Zonsezi zili poyera pa Basketball Reference ndi masamba ena otere, ndipo sizidya bandulo yambiri. Mapointi a pa sewero muwaone pomaliza, chifukwa ndi amene amanyenga kwambiri: pa timu yofooka pamayenera kupezekabe wina woponya, ndipo manambala ake amatupa.

Ndalama musazipeputse. Mu sizoni ya 2024-25 malire a malipiro anali madola pafupifupi 140.6 miliyoni pa timu, msonkho wa odya kwambiri unkayambira cha pa 170.8 miliyoni, ndipo wodutsa 188.9 miliyoni ankamangidwa manja: saloledwa kuphatikiza malipiro a osewera angapo kuti atenge mmodzi wodula. N'chifukwa chake nthawi zina mumaona timu yabwinobwino ikutulutsa munthu wofunika, inu n'kumadabwa. Koma kuthawa bilu kulinso ndi mtengo wake. Mu Okutobala 2012 Oklahoma City, itangochoka kumene mu fainolo, inalephera kugwirizana malipiro ndi James Harden wa zaka 23, n'kumutumiza ku Houston. Ndalama inapulumutsadi. Harden anakhala MVP mu 2018, ndipo gulu la Kevin Durant ndi Russell Westbrook silinabwererenso mu fainolo.

Chachinayi: ma pick

Sindikunena piki wokumbira maziko, ayi. Chaka chilichonse matimu amasankha osewera atsopano motsatira mndandanda, ndime ziwiri, ndipo timu imene yachita moipa ndi imene imakhala ndi mwayi wosankha koyambirira. Malo a pa mndandandawo ndi katundu wogulitsika, mpaka zaka 7 kutsogolo.

Amene anapikulako kaunjika ku Limbe andimva msanga. Pick ndi belo losatsegula. Ukhoza kupezamo majekete oti aliyense akulimbirana, ukhozanso kupezamo sanza zokolopera. Ndipo mabelo sali ofanana. Funsani zinthu zitatu. Ndi ya chaka chiti? Pa chaka chimenecho timu imene yaipereka idzakhala ili pati? Ndipo ndi yotetezedwa kapena ayi? Yotetezedwa ndi ija yoti ikagwera pamwamba kwambiri, tinene m'malo anayi oyamba, mwini wake amaisunga. Pick ya timu yolimba ya chaka chamawa idzagwera cha pa nambala 25, ndipo si ya mtengo wapatali. Pick yosatetezedwa ya zaka zinayi kutsogolo, yochokera ku timu yodzaza madala, imeneyo ndi golide.

Phunziro lake linaperekedwa mu 2013. Brooklyn Nets inatenga Kevin Garnett wa zaka 37 ndi Paul Pierce wa zaka 35 kuchokera ku Boston, n'kupereka ma pick a 2014, 2016 ndi 2018, kuphatikizapo ufulu woti Boston isinthane nayo malo mu 2017. Brooklyn inkawerengera kuti idzakhala yolimba zaka zonsezo, ndiye ma pickwo adzakhala a kumchira. Inafika ndime yachiwiri ya playoffs mu 2014, Miami n'kuitulutsa, Pierce n'kuchoka, nyumba n'kugwa. Kenako inayamba kugonja koopsa, koma phindu la kugonjako linkapita ku Boston. Pick ya 2016 inakhala nambala 3, Boston n'kutenga Jaylen Brown. Ya 2017 inakhala nambala 1, Boston n'kuisinthanitsa ndi Philadelphia, kutsika pa nambala 3, n'kutenga Jayson Tatum. Awiriwa ndi amene anabweretsa chikho cha 2024, atagonjetsa Dallas ya Luka yemweyo. Ameneyu ndi katapila weniweni: wadya lero, koma malipiro a zaka zisanu wawasainira wina.

Ligi inaona kale kuti eni matimu ena satha kudziletsa. Pali lamulo loletsa timu kukhala yopanda pick ya ndime yoyamba zaka ziwiri zotsatizana kutsogolo, lotchedwa ndi dzina la Ted Stepien, mwini wa Cleveland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amene ankagawa ma pick ngati maswiti. Ndicho chifukwa mumaona zaka zikudumphadumpha: 2025, 2027, 2029.

Komabe musapembedze belo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lakers mu 2019 inapereka Lonzo Ball, Brandon Ingram, Josh Hart ndi ma pick atatu kuti itenge Anthony Davis ku New Orleans, ndipo chikho cha 2020 chinabwera. Ma pick ambiri a pakati ndi kumapeto kwa ndime yoyamba satulutsa katswiri, amatulutsa munthu wa pa benchi basi.

Chachisanu: yerekezani ndi mtengo wa pamsika

Mayi wanzeru sagula tomato pa benchi yoyamba, ndipo wogulitsa wanzeru sapereka mbuzi kwa munthu woyamba kuifunsa. Fufuzani osewera ofanana amene anasinthidwa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, muone anapita pa mtengo wanji.

Apa ndi pamene nkhani ya Luka imandiwawa. Mu 2024 New York Knicks inapereka ma pick asanu a ndime yoyamba kuti itenge Mikal Bridges, wosewera wabwino koma woti sanasankhidweko mu All-Star, sewero la pachaka la akatswiri a ligi. Utah inalandira ma pick anayi ndi osewera asanu pa Rudy Gobert mu 2022. Luka, amene anasankhidwa kasanu kotsatizana m'gulu la osewera asanu opambana mu ligi yonse, anapita pa Davis wa zaka 31, Max Christie, ndi pick imodzi yokha, ya 2029. Zokambirana zinachitika mwachinsinsi, matimu ena osadziwa kuti katunduyu ali pamsika. Mukhoza kuvomereza kuti Dallas inali ndi zifukwa zoopera kumupatsa kontirakiti ya madola 345 miliyoni ya zaka zisanu imene ankayenera kuilandira. Koma kusankha kugulitsa ndi nkhani ina, kugulitsa osaitanira malonda ndi inanso.

Chachisanu ndi chimodzi: mpira ndi umodzi

Mayina samwetsa zigoli akakhala papepala. Dzifunseni kuti wobwerayo akachita chiyani mpira ukakhala m'manja mwa mnzake. Amatha kuponya ali patali kuti apatse ena mpata? Amatchinga? Alamu anga aja mu 2021 anavina pabalaza Lakers itatenga Russell Westbrook, MVP wa 2017, kupereka Kyle Kuzma, Kentavious Caldwell-Pope, Montrezl Harrell ndi pick. Koma Westbrook amafuna mpira m'manja, LeBron amaufunanso, ndipo awiri mwa opitawo anali ena mwa amene ankatchinga ndi kuponya zapatali pa chikho cha 2020. Timu inapambana masewero 33, kugonja 49, playoffs osaiona. Milwaukee mu 2020 inatenga Jrue Holiday, dzina losachita phokoso, chifukwa Giannis Antetokounmpo ankasowa munthu wotchinga ndi wodekha pa mpira. Chikho chinabwera mu 2021.

Chachisanu ndi chiwiri: patulani nzeru ndi mwayi

Gawo ili ndi lovuta chifukwa mtima umakonda kuweruza ndi zotsatira. Yezani kawiri. Muyeso woyamba: pa tsiku limene anasayina, ndi zimene aliyense ankadziwa tsiku limenelo, chinali chisankho chanzeru? Muyeso wachiwiri: zinatha bwanji? Miyeso iwiriyi siyenera kugwirizana nthawi zonse.

Toronto ija inapita patsogolo mu 2019 chifukwa mpira wa Kawhi wa sekondi yomaliza, mu sewero la 7, lomaliza, ndi Philadelphia, unadumpha kanayi pa chitsulo usanalowe. Mu fainolo Golden State inataya Kevin Durant ndi Klay Thompson chifukwa chovulala. Mpira uja ukanatuluka, ndipo Toronto n'kugonja mu nthawi yowonjezera, chisankho cha Ujiri chikanakhalabe chanzeru, kungoti bwenzi anthu akumunyoza mpaka lero.

Kuvulala nakonso kuli mitundu iwiri. Davis anavulala mu sewero lake loyamba lenileni ku Dallas, n'kukhala kunja masabata angapo. Limenelo si tsoka logwa kumwamba, chifukwa mbiri ya thupi lake inali yodziwika kwa aliyense, ndipo inayenera kulowa mu mtengo. Bondo la Kyrie Irving, katswiri wina wa Dallas, limene linawonongeka mu Malichi 2025, limenelo ndiye tsoka, ndipo sitingalilembe pa mutu wa amene anachita trade.

Ndiye pali mkulu wina amene amametetsa komwe ndimameta ine, wotsatira Dallas yekhayo amene ndikumudziwa mu Blantyre muno. Mu Meyi 2025 Dallas inapata pick nambala 1 pa mayere, ili ndi mwayi wa 1.8 pa 100 basi, n'kutenga Cooper Flagg. Mkuluyo analowa mometeramo manja ali m'mwamba: "Mwaona, achimwene? Mumatiseka aja!" Ndinamuuza kuti, madala, munthu akagulitsa ng'ombe pa mtengo wa mbuzi, pobwerera n'kutola chikwama cha ndalama pa Chichiri, ng'ombe ija waigulitsabe motchipa. Pick imene inabala Flagg inali ya Dallas kale, sinachokere ku Lakers. Eni timu nawo anaona chimodzimodzi: mu Novembala 2025 anamuchotsa ntchito Nico Harrison, amene anakonza trade ija.

Chachisanu ndi chitatu: lembani tsiku, mudzabwerenso

Chigamulo chanu chilembeni ndi pensulo, ndipo muikepo deti. Mudzachionenso pakatha sizoni imodzi, kenako pakatha zitatu, kenako pick yomaliza ikadzasanduka munthu.

Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Minnesota itatenga Gobert mu 2022, sizoni yoyamba inapambana masewero 42, kugonja 40, n'kutuluka ndime yoyamba ya playoffs. Ndinalengeza pa gulu lathu la WhatsApp kuti iyi ndi trade yopusa kuposa zonse, ndipo ndinabetcha ndi mnzanga wa ku Zingwangwa kuti timu imeneyi ikadzadutsa ndime yachiwiri Gobert alipo, ndidzagulira gulu lonse chipisi ndi kanyenya. Sizoni yotsatira inapambana masewero 56, Gobert n'kusankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu ligi, ndipo inatulutsa Denver, eni chikho, mu sewero la 7 pakwawo pomwe. Pa chiwaya tsiku limenelo panafika anthu khumi ndi mmodzi, ena oti basketball sanaionerepo chibadwire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinadekha ndalama zitapita kale.

Lolaninso kuti nthawi zina wodyeredwa palibe. Mu Febuluwale 2022 Sacramento inapereka Tyrese Haliburton ku Indiana n'kutenga Domantas Sabonis. Chaka chotsatira Sacramento inalowa playoffs itakhala kunja zaka 16, ndipo kwa anthu a mzinda umenewo chinali chinthu chachikulu. Indiana inafika mu fainolo ya 2025. Mukandikakamiza ndinena kuti Indiana inadya gawo lalikulu, koma Sacramento sinagone ndi njala.

Pepala la Luka ndinalisunga mu kabati. Pa cholinga cha Dallas ndinalemba zimene Harrison ananena yekha, zoti chitetezo ndicho chimabweretsa zikho, ndipo pafupi pake ndinaikapo chizindikiro cha funso, chifukwa timu yosaka chikho lero sipereka munthu amene wangoifikitsa mu fainolo. Pa zaka, Dallas inakalamba ndi zaka zisanu ndi chimodzi usiku umodzi. Pa mtengo wa pamsika, inalandira zochepa. Mantha oti Luka angochita lendi ku Lakers anatha mu Ogasiti 2025 atasayina kontirakiti ya zaka zitatu ya madola 165 miliyoni, ndipo alamu anga anandiimbiranso, ulendo uno masana. Mzere umodzi wokha ndi umene ndinausiya wopanda kanthu, wa pick ya 2029. Lamulo limati wolowa draft akhale wokwanitsa zaka 19 m'chaka chimenecho, ndiye kuti mwana amene adzasankhidwe pamenepo akhoza kukhala wobadwa mu 2010. Tsiku limene ndinkasita malaya lija anali msinkhu wa mwana wa Fomu 2.